Mboni ya Zitumbuwa

Lolemba, 3 Juni 2024

Kope ili ndi la Dolly, la giredi naini. Masamba asanu okha ndiwo analembamo, mwana ameneyu ndi sukulu anali paka ndi khoswe. Ndalitenga chifukwa a Sajeni Thelma, wapolisi wamkazi uja, ati ndizilemba zimene ndikukumbukira tsiku la khoti lisanafike. Ati mutu wa munthu ndi dengu lobooka. Wawo kapena. Ine ndikumudziwa mpaka lero amene anandiponda phazi pa ukwati wanga.

Abwera m'mawa pa msewu, mafuta ali pa moto. Chisamani m'manja. Pa 19 Juni, ku khoti, mlandu wa Lucky. Ine Estina Daka, wokazinga zitumbuwa pa Chinyunyu zaka makumi awiri ndi chimodzi, wosabapo ndi singano yomwe, ati ndine mboni ya boma.

Lucky. Mwana wa alamu anga a Eneless, muphwa weniweni wa atate ake Dolly. Matewera ake ndinachapa ndine ndi manja awa.

Zimene ndikukumbukira. Malichi, Lachiwiri, cha m'ma teni. Dzuwa lija linapsereza chimanga chonse. Thiraki yoyera yotseka ngati bokosi yaima pafupi ndi kasupe wa madzi otentha. Watsika Lucky, magalasi akuda, nsapato zosongoka, Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Anti, nipaseniko vitumbuwa 43, fasiti." Ine ndikuwerengera m'pulasitiki, iye wazungulira kuseri kwa thiraki. Wabwerako. "Awe Anti, chosanipo viwiri. 41 chabe." Ndati zonsezi za ndani? Ati za mbuzi. Ndati mbuzi za masiku ano zikudya zitumbuwa? Nanga ziwirizo zili pa kusala kudya? Anaseka ndi mano okha. Watunga madzi zigubu ziwiri, wapita nazo kuseri pamodzi ndi pulasitiki, wabwera manja lende. M'katimo wina anatsokomola. Ndinati iwe, mbuzi yako ili ndi chifuwa cha fodya.

Masana omwewo thiraki inagwidwa pa rodibuloko. Mbuzi zake anthu. A ku Ethiopia, ati amapita ku Joni. Ena amati anali 70, ena 100. Kondakitala wina anati 200, koma uyo amawerenga monga amapakirira anthu m'basi yake.

Lucky ati sankadziwa kanthu. Ati bwana wake anamupatsa thiraki yokhoma kale, iye chake chinali chiwongolero basi.

Nkhani ya mbuzi ndinaigawira msewu wonse, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anafika nkhani ili kumapeto, pa chifuwa cha fodya paja, akutafuna chitumbuwa changa chomwe. Osadziwa ndi wapolisi wosavala yunifomu. Mawa lake a Sajeni ndi buku. Anagula? Anagula. Zingati? Ndinati zambiri. Analemba "zambiri".

Pakamwa panga! Amayi ankanena kuti padzandipereka.

Lachitatu, 5 Juni

Ndawaonetsa atate ake Dolly chisamani. Achiwerenga kawiri, achitembenuza kumbuyo kopanda malemba, achiwerenganso. Mawu awo onse: "Alongo anga amva?" Amuna angawa, a Phinias, amaopa zinthu ziwiri pa dziko, a Eneless ndi Mulungu. Mu ndondomeko yomweyo.

Amva, nanga a Eneless angalephere kumva? Afika ndisanatsuke chiwaya. Moni wa mphindi khumi. Afunsa za Dolly, za nkhuku, za bondo langa. Kenaka ayang'ana mango anga asanu aja, ati akula bwino pa malo anga, eti mlamu?

Zoona zake ndi zimenezo. Malo amene pali nyumba ino ndi awo. Anatipatsa titangochoka ku Katete, zaka 26 zapitazo, Dolly ali kumsana. Njerwa ndinaumba ine, mango ndinadzala ine, koma dothi ndi lawo. Ndiponso ndi a tcheya athu ku Chigwirizano cha amayi. Pakhomo iwo, ku tchalitchi iwo. Mwina ndi kumwamba komwe adzakhala pa geti.

Ati chibale n'fupa, sichiwola. Ati palibe akukuuzani kuti muname, mlamu, ndife Akhristu. Mukangonena kuti simukumbukira. Munthu wa bondo amaiwala.

Potuluka: "Mukamumangitsa mwana wanga, mukafunse boma lomwelo likupatseni pogona."

Atate ake Dolly nthawi yonseyi anali kuseri, akumanga khola lomangidwa kale.

Lamlungu, 9 Juni

Abale inu! Lero ndaona malodza.

Atate ake Dolly anaganiza zopempha mapemphero. Chinthu chabwino. Koma dzina la Lucky sangalitchule alongo awo ali pa benchi yoyamba. Ndiye anong'oneza mkulu wa mpingo, a Mordecai, kuti akazi anga akhala mboni, mutikumbukire. Basi, n'kukhala pansi.

Zolengeza zitatha, a Mordecai: Mayi Daka, taimani. Ndaima. N'zoona mwakhala mboni? Ndati inde. Tchalitchi chonse: haaa! Ine n'kumati anthuwa ali ndi chifundo ndithu. Ati anakukakamizani? Ndati anangonditsata pa msewu ndi pepala. A Mordecai agwedeza mutu, ati ndi mmene amachitira, amayenda ndi mapepala. Ati muyamba liti? Ndati pa 19. Ati munaganizapo bwino? Ndati kukana sindingathe, ati ukakana amabwera kudzakutenga. Mayi wina kumbuyo analira.

Ndinazindikira a Mordecai atanena kuti mapanga awiri avumbwitsa, kwaya n'kuyamba nyimbo ya nkhosa yosokera. Mboni za Yehova! Ine! Wa Chigwirizano kuyambira ndili ndi mano onse!

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze. Ndikonze bwanji? Ndinene pamaso pa mpingo kuti ayi, ndikungopita kukamangitsa mwana wa a tcheya? Ndayang'ana a Eneless. Iwo akudziwa bwino lomwe mboni yake ndi iti. Maso pa denga, akuimba mokweza kuposa kwaya.

Madzulo atuma amayi awiri kudzatenga yunifomu yanga, ati mpaka nkhani itaunikidwa. Bulauzi yoyera ndinali nditaisita dzulo. Ndalira, ndisaname.

Atate ake Dolly ati koma mapemphero anachitika.

Lolemba, 10 Juni

A Ketrina, ogulitsa nthochi pambali panga, ndi Mboni yeniyeni. Zaka khumi ndi chimodzi akundipatsa timabuku, ine n'kumakulungira zitumbuwa. Lero afika akuthamanga, nthochi zikugwa m'dengu, misozi mbwembwembwe. Andikumbatira. "Mlongo! Ndinkadziwa kuti mumawerenga musanakulunge!"

Ndawakhazika pa chigubu, ndawafotokozera zonse. Nkhope inagwa pang'onopang'ono ngati mtanda wopanda isiti. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Ati komabe tengani aka, n'katsopano.

A ku tchalitchi lero akugula kwa mtsikana wa tsidya la msewu, amene zitumbuwa zake ungagendere galu. Mayi wina anadutsa ataphimba mwana wake maso. Mtanda watsala theka.

Lachinayi, 13 Juni

Lachinayi loyamba lopanda Chigwirizano. Ndinamva akuimba ndili pa msewu. Palibe anakweza mawu pamene ndimakwezera ine.

Atatuluka, a Eneless molunjika kwa ine, akumwetulira. Ndikaona mano a a Eneless ndimayang'ana kothawira. Ati Mulungu amagwira ntchito modabwitsa, mlamu. Ati a Mboni salumbira pa Baibulo ku khoti, aliyense amadziwa. Wosalumbira sapereka umboni. Ndiye mukhale Mboni mpaka mlandu uthe. Ukatha mudzalape, tidzakubwezerani yunifomu ndi nyimbo, ine ndemwe ndidzaphika mpunga.

Kunena zoona nzeruyo inandikomera. Osanama, osanena zoona, nyumba ili chilili.

Ndafunsa a Ketrina kuti Mboni imaima bwanji pokana. Ati anakunamizani ndani? Ife ku khoti timapita, ndipo timalumbira bwinobwino. Ati mukadzitcha wa kwathu ndiye mwadziika pa moto, chifukwa ife ndi amene sitiloledwa ndi kabodza kakang'ono komwe.

Ndiye Umboni wa uku sundipulumutsa ku umboni wa uko. Yunifomu yapita ulele.

Kwatsala "sindikumbukira". Tayeserera pakhonde, atate ake Dolly ngati woweruza, chipewa cha tchalitchi kumutu, mthiko m'manja. Dzina lanu? Sindikumbukira. Ati aa, osayambira pamenepo. Munamuona Lucky? Sindikumbukira. Anavala chiyani? Ndati magalasi akuda ndi nsapato zija anabwereka kwa mnzake Fredrick osabweza. Woweruza anaponya mthiko pansi.

Lamlungu, 16 Juni

Sindinapite ku tchalitchi. Ndikakhale benchi iti?

Ndasesa pansi pa mango. Ayamba maluwa. Wapakati uja ndinadzala tsiku limene Dolly anayamba kuyenda.

Ndili ndi mantha. Zaka 53, bondo limodzi, ndikayambire pati kuumba njerwa? Anthu a ku Ethiopia sindiwadziwa. Lucky ndimamudziwa, ankaba shuga m'kabati mwanga n'kunamizira nyerere. Ndikanena kuti sindikumbukira. Ndayeserera pa nkhuku, zikuoneka kuti zakhulupirira.

Lachitatu, 19 Juni

Minibasi yoyamba. Ine, atate ake Dolly, a Eneless, ndi a Mordecai amene anabwera kudzapempherera a tcheya. Anakhala patali nane, Baibulo pakati pathu ngati mpanda.

Pa khoti, wapolisi wa pakhomo akufuula kuti a mboni onse mbali iyi! Ine phee pa benchi. A Mordecai akundiyang'ana. Afuulanso. Ine maso pa zala. Kenaka: Estina Daka! Si ndinu mboni inu? Magazi anandikwera. Ndaimirira, ndati pepani bwana, ine sindine Mboni, ndine wa Chigwirizano, ndinabatizidwa ku Katete, funsani awa! Khonde lonse linagwa ndi phwete, ndi akaidi omwe. Wapolisi ati mayi, kuno ngakhale abusa amakhala mboni.

A Mordecai anatsegula pakamwa, anatseka. Anayang'ana ine, chisamani, a Eneless. Ati ooo. Patapita nthawi atinso ooo. A Eneless anapeza chinthu chofunika kwambiri pansi pa chikwama chawo.

Zonsezo, mlandu osalowa. Loya wa Lucky watsegula m'mimba. Aukankhira pa 10 Julayi.

Podikira kuti atisainire mapepala anatikhazika mbali ya a mboni. Pambali panga mtsikana woonda, wa msinkhu wa Dolly, nsalu yoyera kumutu. Mmodzi wa a m'thiraki. Boma likuwasunga ena kuti adzanene zimene anaona. Dzina ati Selamu, kapena chinachake chotero. Chinyanja zero, Chizungu zero. Ine njala, ndamasula zitumbuwa zanga za pa ulendo, ndamupatsa chimodzi. Munthu sungadye wina akuyang'ana.

Wachilandira ndi manja awiri. Wachinunkhiza. Wachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka thupi lonse kunjenjemera, kulira kopanda mawu. Ine ndati kapena mafuta ndi a dzana.

A Sajeni Thelma anakhala pakati pathu, anamugwira phewa. Ati chakudya chokha chimene analandira masiku awiri m'thiraki muja chinali chimenechi. Chinalowera pa kachitseko kakang'ono ka kuseri. Anaona dzanja lokha, nkhope ayi, n'chifukwa chake tikufuna inu. Ati mwamuna wake sanadye nawo. Anali atasiya kupuma m'mawa womwewo, iye ndi bambo wina. Anzawo anakuwa pa kachitsekopo, analoza, kachitseko kanatsekedwa.

Ndinafunsa kuti kodi analimo angati kwenikweni.

Ati 43. Amoyo tinatulutsa 41.

Lachisanu, 28 Juni

Kope ndinaliika pansi pa matiresi. Sindinafune kuliona.

Yunifomu inabwera Lamlungu, a Mordecai okha anainyamula pa njinga. Alengeza kuti Mayi Daka ndi mboni ya chilembo chaching'ono. Theka la mpingo silinamve, likundipatsabe moni wa chifundo. Ndaipachika. Sindinaivale.

Nthabwala ija ndinainena kangati? Mbuzi ziwiri zosala kudya. Pa msewu, pa chigayo, pa maliro a neba wathu Tembo pomwe. Ndinkadikira kuti anthu aseke pamenepo. Ndipo ziwiri zija ndinazibweza m'beseni, ndinagulitsa kwa wina.

Dzulo ndawauza atate ake Dolly. Ndawaonetsa tsamba langa loyamba m'kope muno, lomwe ndinalemba ndisanadziwe kanthu. Awerenga. Sanatembenuze pepala ulendo uno. Anafunsa kamodzi: anapita kuseri asananene 41, kapena atanena? Ndati asananene.

Atenga khasu, akhala pa mwala, ayamba kulinola. Mu Juni, munda wopanda kanthu. Analinola mpaka nkhuku kulowa.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndinavala chitenje cha maluwa ndi nsapato za Dolly. Zinandiluma tsiku lonse.

M'minibasi a Eneless anandipatsa switi. Ati mukukumbukira zoti simukumbukira? Ndinalandira switiyo.

Woweruza ndi mayi wa magalasi. Womasulira wafunsa kuti ndinu mboni yoyamba? Ndinayang'ana a Mordecai. Anagwedeza mutu kuti pitirizani, tamvana. Ndati inde bwana, ndine mboni. Ndagwira Baibulo.

Lucky m'bokosi. Waonda, magalasi palibe. Maso ake ndi a atate ake Dolly enieni.

Loya wa boma: anagula zitumbuwa? Anagula. Zingati? Pa pepala lake panali "zambiri", anafunsa akuyang'ana kale funso lotsatira. Mawu aja ndinayeserera pa nkhuku anali pa lilime penipeni. Kumbuyo kwenikweni, nsalu yoyera ya Selamu.

Ndati anaitanitsa 43. Anapita kuseri kwa thiraki. Atabwerako anati ndichotsepo ziwiri.

Loya wa boma anasiya pepala. Ati bwerezani. Ndabwereza. A Sajeni anagwira pakamwa.

Wa Lucky, m'mimba mwachira, anadzuka ndi ukali. Ati mayi, miyezi inayi yapita, mungakumbukire bwanji nambala? Ndati bwana, munthu amene wakubwezera zitumbuwa utamanga kale pulasitiki sumuiwala mpaka kumanda. Anthu anaseka, ndi woweruza yemwe anabisa pakamwa. Ati ndiye munamuyankha chiyani? Ndinanena. Za kusala kudya zija. Koyamba chiyambire palibe anaseka.

Potuluka ndinadutsa pafupi ndi bokosi. Anati, "Anti." Basi. Mawu omwe aja ankanenera akagwidwa ndi shuga. Ndinatsika masitepe.

Chigamulo mu Ogasiti. A Eneless anakwera basi ina.

Loweruka, 13 Julayi

A Eneless abwera m'mawa, opanda moni. Ine sanandiyang'ane. Ati Phinias, mwezi uno ukamatha ndipeze malo anga. Kapena mkazi achoke, iwe utsale, ndiwe magazi anga. Maso otupa. Ndinawamvera chisoni, ndisabise, mwana ndi mwana.

Ndinayang'ana kukhola, poti ndiko atate ake Dolly amathawira. Ali pakhonde, sanasunthe. Chipewa m'manja.

Ati alongo, mwana uja kuchotsera ndinamuphunzitsa ndine. Pakhonde pomwe pano, ndi njere za chimanga. Ankalira, ine n'kumati bwereza. 43 kuchotsa 2. Sanalakwitse.

A Eneless anaima ngati awathira madzi. Anatembenuka, anapita.

Kenaka bambo anakhala pansi mwadzidzidzi, ati ndipatseni madzi, mtima ukufuna kutuluka. Zaka 29 za ukwati, lero ndiye ndadziwa chimene ndinawakondera.

Lolemba, 29 Julayi

Tasamuka Loweruka. Malata tazula ndi athu, zitseko ndi zathu. Mango sazulidwa. Ali ndi tizipatso ngati zala, adya ena.

A Ketrina atipatsa kanyumba ka malemu amayi awo, kuseri kwa nthochi. Zipinda ziwiri, chimodzi chikuona nyenyezi. Ati palibe chimene tikufuna kwa inu, mlongo. Pansi pa mtondo ndapeza kabuku. M'chiwaya kabuku. Mpingo wamva kuti tikukhala pa Mboni, a Mordecai atuma uthenga wofunsa kuti tsopano ndi chilembo chiti. Ndati Lachinayi ndibwera ndi yunifomu adzaone okha. A tcheya akandithamangitsa ndikaimbira panja, mawu anga amadutsa khoma.

Lero pa msewu. Thiraki yotseka, yabuluu. Dalaivala wachilendo, waulemu. Mayi, khumi. Ndawerenga, ndamanga. Wasisita m'thumba, ati aa, chotsanipo ziwiri.

Ndati sizichotsedwa. Ati ndili ndi ya eyiti yokha. Ndati perekani ya eyiti, mutenge zonse. Anayang'ana a Ketrina ngati akufunsa kuti amayiwa ali bwino?

Pulasitiki ili m'manja ndinazungulira kuseri kwa thiraki, bondo likudandaula. Ndaika khutu pa chitsulo. Iye akufuula kuti ndi simenti, mayi, simenti!

Ndinamvetserabe. Mpaka a Ketrina anakuwa kuti mafuta akupserera.